Jazi pa wailesi ndi moni wa Khirisimasi: mmene zimayendera

Disembala akafika pakati, mawailesi a jazi amalandira alendo. Anthu amene chaka chonse sayandikako amapezeka atchera kumeneko, ena chifukwa amva nyimbo ya Khirisimasi imene amaidziwa, ena chifukwa m'bale wawo wakutali wawauza kuti, "Mumvere pulogalamu yakutiyakuti, ndakutumizirani moni." Madandaulo amene amatsatira amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka. Nyimbo inayamba bwinobwino, aliyense akuizindikira, koma pasanathe mphindi ziwiri yasowa, kwangotsala lipenga likuyendayenda lokha. Kodi oimbawo aiwala? Muulutsi naye, bwanji akutchula mayina a anthu asanu pa nyimbo imodzi yokha? Nanga moni uja anatumizidwa m'mawa wa pa 25, zatheka bwanji kuti pulogalamu yatha osawerengedwa?

Pa zonsezi palibe chimene chalakwika. Ndi mmene jazi ndi wailesi zimagwirira ntchito, ndipo Khirisimasi ndiyo nyengo yosavuta kwambiri yoti munthu wachilendo azimvetse.

Jazi ndi chiyani

Jazi ndi mtundu wa nyimbo umene unabadwira mumzinda wa New Orleans, kummwera kwa dziko la America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Anauyambitsa ndi anthu akuda, ana ndi zidzukulu za akapolo, pophatikiza nyimbo zodandaula zotchedwa blues, nyimbo za m'tchalitchi, kaimbidwe ka piyano kotchedwa ragtime, ndi malipenga a mabandi amene ankaperekeza maliro ndi kuyenda m'misewu pa zikondwerero. Chimbale choyamba cha jazi chinajambulidwa ku New York mu 1917, ndipo mwayi umenewo unagwera gulu la azungu, Original Dixieland Jass Band, eni nyimbozo alipo.

Mtima wa jazi ndi kupeka pompopompo. Kuti izi zimveke, tisiyanitse zinthu ziwiri zimene zili mu nyimbo. Pali chuni, chimene munthu amatha kuchiimba ndi pakamwa kapena ndi mluzu. Ndiye pali makodi, omwe ndi magulu a manotsi omveka pamodzi, amene piyano kapena gitala imaimba pansi pa chunicho. Gulu la jazi limayamba ndi kuimba chuni chonse kamodzi, ndipo oimba amachitcha mutu. Likafika kumapeto, wa piyano, wa besi ndi wa ng'oma amabwerera poyambira n'kudutsanso makodi omwe aja, m'ndondomeko yomweyo, kutalika kwake komweko. Koma ulendo uno chuni chija achichotsa. M'malo mwake wa lipenga amapeka chakechake pamwamba pa makodiwo. Akazungulira kawiri kapena katatu amasiyira wa sakisofoni, kenako wa piyano, nthawi zina wa besi, ndipo chakumapeto wa ng'oma amasinthana ndi anzake tizigawo tifupitifupi ngati akuyankhana. Pomaliza onse amabwerera kumutu n'kutseka.

Choncho nyimbo ija sinasowe. Yesani izi pamene wa lipenga ali pakati pa zakezo: imbani chuni chimene mumachidziwacho chamumtima, kuyambira pomwe iye wayambira. Mupeza kuti chikukwana ndendende, ndipo mukamafika kumapeto, nayenso akufika. Zili ngati munthu waluso pokamba nthano. Ana onse amadziwa kuti kalulu apulumuka, sadikira zimenezo ayi. Chimene amatchera khutu ndi mmene wokambayo adutsire lero, pati achedwepo, pati awonjezere mawu ake, pati awanamize kuti nkhani yatha.

Chinthu china ndi kagundidwe kotchedwa swing. Manotsi awiri otsatana sapatsidwa nthawi yofanana: loyamba limatalikirako, lachiwiri limafupika, ndiye nyimbo imamveka ngati ikudumphadumpha. Besi imaponda notsi limodzi pa kugunda kulikonse, oimba amati ikuyenda, ndipo woomba m'manja amaomba pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi. Nyimbo imene m'tchalitchi imayenda mowongoka ikangopatsidwa kagundidwe kameneka imasintha nkhope, ngakhale notsi lililonse likhale lomwelo.

N'chifukwa chiyani nyimbo za Khirisimasi zimalowa bwino mu jazi

Vuto lalikulu la womvera watsopano ndi lakuti sadziwa chuni chimene oimba akuchiseweretsa. Akamva zopekazo alibe poziyerekezera, ndiye zimangomveka ngati phokoso la anthu osagwirizana. Pa Khirisimasi vuto limeneli limachoka lokha. Chuni chili kale m'mutu mwa womvera, ndipo amatha kumva pamene woimba wapatuka, pamene wabwerera, pamene wachedwetsa dala notsi limene aliyense amaliyembekezera. Ndikuganiza kuti ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene anthu ambiri amayambira kukonda jazi mu Disembala osati mu Marichi.

Chifukwa chachiwiri ndi cha mbiri. Oimba jazi ali ndi nkhokwe ya nyimbo zimene aliyense wa iwo amayenera kuzidziwa pamtima, zotchedwa ma standard. Zambiri zinalembedwa pakati pa zaka za m'ma 1920 ndi m'ma 1950 ndi alembi a nyimbo za m'masewero ndi m'mafilimu a ku New York ndi Hollywood. Kawirikawiri zimakhala ndi tizigawo 32 totchedwa ma bar, togawidwa m'magulu anayi a ma bar 8. Nyimbo zambiri za Khirisimasi za ku America, zija zosatchula za kubadwa kwa Yesu koma za chisanu, moto wa m'nyumba ndi kulakalaka kwathu, zinalembedwa ndi anthu omwewo, m'zaka zomwezo, pa chikombole chomwecho. Woimba jazi akazigwira savutika nazo.

Chitsanzo chomveka bwino ndi nyimbo ya Irving Berlin yotchedwa White Christmas. Bing Crosby anaiimba koyamba pagulu kudzera pa wailesi ya NBC pa 25 Disembala 1941, patangopita milungu yosakwana itatu chichitikire chiwembu cha ku Pearl Harbor chimene chinalowetsa America m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. M'zaka zotsatira asilikali amene anali kutali ndi kwawo ankaipempha kwambiri pa wailesi ya asilikali. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, pa Khirisimasi ya 1948, Charlie Parker anaiimba ndi sakisofoni yake m'kalabu ya Royal Roost ku New York, wailesi ikuulutsa pompopompo. Parker anali mtsogoleri wa bebop, jazi wothamanga ndi wokhotakhota amene anthu ambiri a nthawi imeneyo ankati sangavinidwe. Kujambula kwa usiku umenewo kulipobe, ndipo mawailesi a jazi amaseweretsa nyimboyo chaka chilichonse.

Zina zimene simungalephere kuzimva ndi izi. Mu 1960 Duke Ellington ndi mnzake Billy Strayhorn anatenga nyimbo za gule wa Nutcracker, zimene Tchaikovsky wa ku Russia analemba cha mu 1892, n'kuzikonzanso kuti ziimbidwe ndi bandi yaikulu ya jazi. Chaka chomwecho Ella Fitzgerald anatulutsa chimbale cha nyimbo za Khirisimasi. Mu 1965 Vince Guaraldi, ndi piyano, besi ndi ng'oma, anaimba nyimbo za katuni ya Charlie Brown ya pa wailesi yakanema ya CBS, ndipo ana ambiri a ku America anamva jazi koyamba kudzera m'katuni imeneyo osadziwa n'komwe kuti ndi jazi. Louis Armstrong, woimba lipenga wotchuka wa jazi, naye mu Febuluwale 1971 anajambula mawu ake akuwerenga ndakatulo ya ana ya usiku wa Khirisimasi ali kunyumba kwake ku Queens. Anamwalira mu Julayi chaka chomwecho.

Jazi ndi wailesi zinakulira pamodzi, makamaka usiku

Wailesi yofikira anthu wamba inayamba kufala cha mu 1920, nthawi yomwe jazi ankachoka ku New Orleans kulowera ku Chicago ndi New York. Kuyambira kumapeto kwa 1927 bandi ya Ellington inkaimba m'kalabu ya Cotton Club ku Harlem, dera la ku New York, ndipo wailesi inkaulutsa kuchokera m'kalabumo. Kalabuyo inkalandira makasitomala achizungu okha, koma wailesi sinkasankha khutu.

Kuti jazi amagwirizana ndi usiku si nkhani ya makalabu okha. Pali sayansi yake. Kumwamba kwambiri kuli mpweya wokhala ndi mphamvu ya magetsi wotchedwa ionosphere. Masana, dzuwa likamawomba, gawo la m'munsi la mpweya umenewu limameza mafunde a wailesi za AM. Dzuwa likalowa gawolo limazilala, ndipo mafundewo amakagunda pamwamba n'kubwerera pansi kutali kwambiri. Ndi chifukwa chake chapakati pa zaka za m'ma 1930 John Hammond, munthu wosaka oimba aluso, ali m'galimoto yake ku Chicago usiku, anamva bandi ya Count Basie ikuimba m'kalabu ina ku Kansas City, mtunda wa makilomita opitirira 600, kudzera pa kawailesi kakang'ono. Anailondola, ndipo posakhalitsa Basie anali ku New York. FM siyenda choncho. Mafunde ake amapita molunjika, phiri likatchinga athera pomwepo, ngakhale mawu ake ndi oyera kuposa a AM.

Kusiyana kwa nthawi nakonso kunasinthapo mbiri ya jazi. Kuyambira Disembala 1934 bandi ya Benny Goodman inkaimba pa pulogalamu ya NBC Loweruka usiku, ndipo inkapatsidwa gawo lomaliza, pakati pa usiku ku New York, anthu ambiri atagona. Koma ku California nthawi imatsalira ndi maola atatu, ndiye achinyamata a kumeneko ankaimva ali maso. Bandiyo itafika ku Palomar Ballroom ku Los Angeles mu Ogasiti 1935, itakumana ndi zokhoma m'mizinda ya m'njira, inapeza khamu lodziwa kale nyimbo zake.

Kunja kwa America, amene anafalitsa jazi kwambiri ndi Willis Conover wa Voice of America. Kuyambira 1955 mpaka imfa yake mu 1996 ankaulutsa jazi pa shortwave, mafunde amene amadumpha nyanja. Ankalankhula Chingerezi pang'onopang'ono kuti omvera a zinenero zina amve, ndipo ku Poland ndi ku Soviet Union ankadziwika kuposa kwawo.

Tsopano funso lija la muulutsi wotchula mayina ambiri pa nyimbo imodzi. Popeza mu jazi woimba aliyense amapeka gawo lake, kungotchula dzina la nyimbo sikukwanira. Nyimbo imodzimodziyo ikaimbidwa ndi anthu ena, kapena ndi anthu omwewo tsiku lina, imakhala ina. Muulutsi wodziwa ntchito amatchula wa lipenga, wa piyano, wa besi, wa ng'oma, ndi chaka chimene anajambula, ndipo kawirikawiri amachita izi nyimbo itatha, womvera akadali ndi funso lakuti, "Ameneyu anali ndani?"

Moni wa pa wailesi: kumene unachokera ndi njira imene umadutsa

Moni wa Khirisimasi wa pa wailesi ndi wakale. Mu 1932 Mfumu George V ya ku Britain inalankhula kwa anthu a m'maiko onse olamulidwa ndi Britain kudzera pa BBC, ili kunyumba kwake ku Sandringham, ndipo uthenga wa mfumu wa pa Khirisimasi ulipobe mpaka lero. Koma moni wa munthu wamba kwa mnzake unakula chifukwa cha nkhondo ndi kusamuka. Kuyambira 1945 BBC inali ndi pulogalamu ya Family Favourites, imene mabanja a ku Britain ndi asilikali awo okhala kunja, makamaka ku Germany, ankapemphererana nyimbo ndi kupatsana moni. Ya jazi inabwera mu Disembala 1964: Jazz Record Requests, imene muulutsi wake woyamba anali woimba lipenga Humphrey Lyttelton, ndipo ikumvekabe pa BBC Radio 3. Nyimbo zonse za pulogalamu imeneyi amasankha ndi omvera.

Wina angafunse kuti masiku ano, foni ili m'thumba, moni wa pa wailesi ndi wa chiyani. Kusiyana kwake n'kwakuti umaperekedwa pagulu. Dzina la mayi anu limatchulidwa ndi mawu amene anthu ambirimbiri akumva nthawi imodzi, ndipo nyimbo imene mwasankha imanena zimene inu simukanatha kuzilemba. Kwa munthu amene ali yekha pa Khirisimasi, mlonda, namwino wa usiku, woyendetsa lole, wokalamba amene ana ake ali kunja, kumva mayina a anthu ena akutchulidwa kumamuuza kuti si iye yekha amene ali maso.

Uthenga ukatumizidwa, kaya pa kalata, imelo, WhatsApp kapena foni, sufika kwa muulutsi mwachindunji. Pa mawailesi aakulu umayamba wadutsa kwa mkonzi wa pulogalamu. Iye amaona ngati nyimbo yopemphedwayo ilipo m'nkhokwe, kutalika kwake, ngati sinaseweredwe posachedwa, ndi ngati uthengawo ulibe mawu onyoza kapena malonda obisika. Amachotsanso zinthu zosayenera kumveka pagulu monga nambala ya foni kapena ya nyumba. Wotumiza nayenso asamale: kulengeza pa wailesi kuti banja lonse lachoka ndipo libwera chaka chatsopano n'kuuza aliyense kuti nyumba ili yokha. Mafoni olowa pompopompo nthawi zambiri amachedwetsedwa ndi masekondi angapo kuti woimba foni akatukwana adulidwe mawuwo asanatuluke.

Tsopano funso lija la moni wosawerengedwa. Zifukwa zake zazikulu ndi zitatu, ndipo choyamba ndi masamu chabe. Zimbale zakale zozungulira ka 78 pa mphindi zinkanyamula pafupifupi mphindi zitatu mbali imodzi, ndiye jazi wakale ndi wamfupi. Kampani ya Columbia itatulutsa chimbale cha LP mu 1948, chonyamula mphindi zopitirira 20 mbali imodzi, oimba anamasuka, ndipo nyimbo ya mphindi zisanu ndi ziwiri kapena khumi inakhala yachizolowezi. Tiyerekeze kuti mu ola limodzi mphindi 10 zapita ku nkhani ndi kulankhula. Zotsala 50 zikagawidwa ndi nyimbo za mphindi 7, mulowa nyimbo zisanu ndi ziwiri zokha. Wailesi ya nyimbo za mphindi zitatu ingalowetse kuwirikiza kawiri, ndi moni wake yemwe.

Chachiwiri n'chakuti mapulogalamu ambiri a pa 24, 25 ndi 26 Disembala amajambulidwiratu. Aulutsi nawo ali ndi mabanja. Mawu amene mukumva akuti Khirisimasi yabwino mwina analankhulidwa sabata yatha, ndipo kompyuta ndiyo ikulumikiza mawuwo ndi nyimbo. Uthenga wotumizidwa tsiku lomwelo umafika m'chipinda mopanda munthu. Amene amadziwa amatumiza kumayambiriro kwa Disembala, kapena amamvetsera ngati muulutsi akutchula nthawi ndi nyengo ya tsikulo, chizindikiro chakuti alipodi.

Chachitatu ndi nthawi. Mu Disembala, 8 koloko madzulo ku New York ndi 1 koloko usiku ku London, 3 koloko m'bandakucha ku Johannesburg, ndi 10 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira ku Tokyo. Moni wambiri amawerengedwa ndithu, mwini wake ali m'tulo. Mwayi wake mawailesi ambiri amasunga mapulogalamu pa intaneti kwa masiku angapo.

Pamene anthu sagwirizana

Si onse okonda jazi amene amasangalala ndi Disembala. Ena amati nyimbo za Khirisimasi ndi malonda chabe, makampani amakakamiza oimba kutulutsa chimbale cha nyengoyi chifukwa chimagulidwa chaka ndi chaka, ndipo wailesi imene miyezi khumi ndi umodzi imaseweretsa nyimbo zozama imasanduka ngati sipika ya m'sitolo. Ena amayankha kuti jazi sanasankhepo chuni chifukwa cha ulemu wake, kuyambira kale amatenga nyimbo wamba n'kuzipangira zodabwitsa, ndipo omvera atsopano amalowera pomwepa. Mawailesi amagawanika chimodzimodzi. Ku America mawailesi ambiri a nyimbo zotchuka amasinthiratu n'kumaseweretsa za Khirisimasi zokhazokha kuyambira Novembala. A jazi kawirikawiri amangosakaniza, n'kumawonjezera tsikulo likamayandikira. WKCR ya pa Columbia University ku New York, yodziwika kwambiri ndi jazi, imachita zake: sabata yomaliza ya Disembala imaseweretsa nyimbo za Bach zokhazokha, wolemba nyimbo wakalekale wa ku Germany, zomwe si jazi.

Mawu a moniwo nawo ali ndi nkhani. Muulutsi amene omvera ake ali m'maiko ambiri amadziwa kuti ena ndi Ayuda amene akukondwerera Hanukkah, ena ndi anthu akuda a ku America amene amasunga Kwanzaa kuyambira pa 26 Disembala mpaka pa 1 Januwale, mwambo umene unayamba mu 1966, ena ndi Asilamu, ena sapembedza. Akhristu a Orthodox a ku Ethiopia, Egypt ndi Russia amachita Khirisimasi pa 7 Januwale. Ndiye aulutsi ena amangofunira anthu nyengo yabwino ya zikondwerero osatchula Khirisimasi. Omvera ena amaona kuti uku n'kulemekeza aliyense, ena amaona kuti n'kubisa dzina la tsiku limene iwo amalilemekeza. Pa moni wotumizidwa ndi womvera mkanganowu suvuta kwenikweni, chifukwa muulutsi amawerenga mawu a mwini wake.

Ndalama ndi intaneti

Nyimbo ikaseweredwa pa wailesi pamakhala malipiro kwa amene anailemba, kudzera m'mabungwe otolera ndalama za alembi. Nyimbo zakale kwambiri zilibenso mwini. Jingle Bells, mwachitsanzo, inasindikizidwa mu 1857, ndipo aliyense angaiimbe osapempha chilolezo, ngakhale kakonzedwe katsopano ndi kujambula kwatsopano zimakhala ndi eni ake. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene oimba ang'onoang'ono amakondera nyimbo zakalezo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku America mawailesi a AM ndi FM amalipira wolemba nyimbo koma osati woimba, pamene zoulutsidwa pa intaneti zimalipira onse. Chifukwa ziphaso zololeza wailesi kuseweretsa nyimbo zimagwira ntchito m'dziko limodzi, mawailesi ena amatsekera omvera akunja, ndipo mukatsegula amakuuzani kuti sizikupezeka kudera lanu.

Mawailesi ambiri a jazi sadalira malonda. WBGO ya ku Newark, imene inayamba kuulutsa jazi mu 1979, ndi WWOZ ya ku New Orleans, ya mu 1980, zimayenda makamaka ndi zopereka za omvera, ndiye mukamva muulutsi akupempha thandizo pakati pa moni kumapeto kwa chaka, musadabwe. Zina monga Jazz FM ya ku London, imene inayamba mu 1990, ndi za malonda.

Womvera pa foni adziwe zinthu ziwiri. Mawu a pa intaneti amatsalira m'mbuyo poyerekeza ndi a FM, nthawi zina ndi masekondi ochepa, nthawi zina pafupifupi mphindi yathunthu, choncho wina akakuimbirani kuti dzina lanu latchulidwa musazimitse, mwina kwa inu likubwera kumene. Za data, wailesi yotumiza pa liwiro la 128 kbps imadya pafupifupi 58 MB pa ola, ndipo ya 64 kbps imadya theka lake. Mawailesi ena amalola kusankha pakati pa ziwirizi. Pa 64 mawu a muulutsi amamveka bwinobwino, chimene chimachepa ndi kunong'ona kwa zitsulo za wa ng'oma.